Alongo Athu ndi Makina Omvera Mabotolo

Malemu, alongo athu aakulu, anabadwa pa 9 Okutobala 1959, m'chipinda cha kuseri kwa kashopu kamene bambo athu ankakonzeramo mawayilesi. Ine ndaima pano ndine mlongo wawo, mzime m'banja mwathu, ndipo abale andituma kuti ndikuwerengereni mbiri yawo. Tinabadwa atatu. Oyamba ndi malemuwa. Achiwiri ndi ang'ono awo, amene ana onse a m'banja lino amawaitana kuti amayi aang'ono, ndipo inenso ndiwatchula choncho m'mbiri ino. Wachitatu ndine. Ndinena zinthu monga mmene zinayendera, zokoma ndi zowawa zomwe, pakuti eni akewo sankafuna nkhani yothira shuga, ngakhale kuti ntchito yawo inali yoyeza shuga.

Anakulira pakati pa mawaya ndi fungo la mtovu wosungunula. Mashelefu a m'shopumo ankadzaza ndi mawayilesi a anthu, ena otsegula kumbuyo, ena ofunditsidwa nsalu, ndipo malemu ankakonda kukhala pa kampando pafupi ndi tebulo la bambo n'kumaonerera. Anayamba sukulu ya pulayimale mu 1966. Chaka chotsatira anachita chinthu chimene mayi athu ankachisimba mpaka mu ukalamba wawo. Kasitomala wina anabwera kudzatenga wayilesi yake n'kuipeza ikulira bwinobwino. Ali mkati mothokoza, kamtsikana ka pa kampando kaja kanati, "Sinakonzedwe imeneyo. Ababa angoimenya m'mbali." Bambo anaitsegulanso wayilesiyo mwini wake ali pomwepo, ndipo kuyambira tsiku limenelo malemu ankatumidwa kukagula machesi nthawi iliyonse kasitomala akatulukira pakhomo.

Mu 1974 anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndipo mu 1978 analowa koleji, kumene anaphunzira sayansi ya zakudya ndi zakumwa. Anamaliza mu 1981. Mu Januwale 1982 analembedwa ntchito pa fakitale yopanga zakumwa za m'mabotolo, ndipo sanagwirepo ntchito kwina kulikonse kufikira tsiku lopuma.

Malo awo anali labotale, kachipinda ka magalasi komangidwa pamwamba pa holo yodzaziramo mabotolo. Munthu akaima pawindo lake ankaona lamba wonyamula mabotolo akuyenda pansipo, mabotolo ali ndondondo, akugundana ndi phokoso loti awiri polankhulana ankachita kufuula. Ntchito ya malemu inali kutsika masitepe, kutola mabotolo angapo pa lamba, kukwera nawo, kuwatsegula, kuyeza shuga ndi mpweya, kulawa, kulavulira mu sinki, kenako kusayina kuti katundu atuluke. Botolo lotsegulidwa silinkabwereranso pa lamba. Malemu ankanena kawirikawiri kuti ntchito yawo inali yodabwitsa, chifukwa botolo limene iwo aliyeza palibe amalimwa, ndipo limene anthu akumwa palibe analiyeza.

Mabotolo osatsegulidwawo ankawaona ndi anthu ena. Kumapeto kwa lamba kunkakhala amayi angapo pa mipando yaitali, moyang'anana ndi nyali yoyera kwambiri. Mabotolo ankadutsa pakati pa maso awo ndi nyaliyo, ndipo akaona kachitsotso, mng'alu kapena botolo losadzaza, ankalisolola n'kuliika pambali. Pa fakitale ankangoti amayi a pa nyali. Mu 1986 malo atapezeka, malemu anawapezera ntchito imeneyi amayi aang'ono, amene pa nthawiyo anali atangosiyana ndi amuna awo, ali ndi mwana mmodzi wakhanda.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Pa 18 Ogasiti 1984 malemu anakwatiwa ndi alamu athu akhala apowa, amene ankayendetsa lole ya pa fakitale yomweyo. Alamu amanena okha kuti anayesedwa zaka ziwiri asanavomeredwe, ndipo kuti mpaka lero sanauzidwe kuti anakhoza ndi malikisi angati. Banja lawo linadalitsidwa ndi ana atatu: mwana wamkazi mu 1985, ndi anyamata awiri mu 1988 ndi 1990. Ana amenewa anakula akudziwa kuti mayi awo samwa chakumwa asanachikweze m'mwamba n'kuchiyang'ana, kaya ndi kunyumba, kaya ndi pagulu, ndipo mwana wamkaziyo akuti pa phwando lililonse ankakhala patali kuti anzake asadziwe kuti ndi mayi ake.

Mu 1990 fakitale inayamba kupanga juwisi wa zipatso wokhuthala, wosaonekera mkati. Nyali sinkadutsamo. Amayi a pa nyali anadandaula, malemu anapereka dandaulolo kwa akuluakulu, ndipo yankho linali lakuti nyali iwonjezedwe mphamvu. Inawonjezedwa. Mu Epulo 1991 kamtsikana ka zaka zisanu kanamwa juwisi ameneyu n'kumeza kachidutswa ka galasi. Kanachekeka kummero ndipo madokotala anachita kukang'amba kuti akachotse kachidutswako. Katundu wa tsiku limenelo anatuluka ndi siginecha ya malemu.

Kampani inatumiza anthu kuchipatala kukapepesa, ndipo malemu anali mmodzi wa iwo. Wina wa mu ofesi, posaganiza bwino, anakweza m'galimoto kireti ya zakumwa za pa fakitale ngati mphatso. Malemu anaiona kiretiyo itafika kale m'wodi, itaikidwa pansi pa bedi. Mwanayo anali gone, khosi lili m'mabandeji, akupumira m'kapaipi. Mayi ake sanakalipe. Anayang'ana kiretiyo, kenako n'kuyang'ana malemu, amene anali mkazi yekhayo pa gululo, n'kufunsa kuti, "Amayi, muli ndi ana?" Malemu anati, "Atatu." Mayiyo anati, "Ndiye tengani izi mukawamwetse." Malemu ananyamula kiretiyo okha mpaka panja. Ofufuza anadzapeza kuti kachitsulo kamodzi ka makina odzazira kanapindika ndipo kankabenthula milomo ya mabotolo. Ananena kuti labotale inalibe mlandu, amayi a pa nyali analibenso mlandu. Malemu anauzidwa zimenezi ndipo anangoti amva. Mwanayo anachira, koma mawu ake anasasa. Banjalo linasamuka, ndipo ngakhale malemu anafunsafunsa kwa zaka zambiri, sanadziwe kumene linapita.

Chakumapeto kwa 1992 pa fakitale panabwera katswiri wodzayendera boyila, thanki yaikulu yowiritsira madzi ija. Malemu akudutsa anamuona akupaka timafuta toterera pa khoma la thankiyo, n'kugunditsapo kachitsulo konga chidindo, kolumikizidwa ndi waya ku kabokosi kokhala ndi sikirini. Anamufunsa chimene ankachita. Iye anati akuyeza kuchindikala kwa chitsulo popanda kuchiboola. Anafotokoza kuti kachidindoko kamatumiza kaphokoso kokwera kwambiri, koti khutu la munthu silingakamve, ndipo kaphokosoko kamalowa m'chitsulo, kakagunda mbali inayo n'kubwerera, monga mawu amabwerera munthu akafuula m'holo yopanda kanthu. Ngati mkati muli mng'alu, kamabwerera msanga. Malemu anathamangira ku labotale n'kubwera ndi botolo la juwisi uja. Katswiriyo anaseka, nati makina ake si a zakumwa, komabe anayesa. Pa sikirini panangooneka mizere yosokonekera. Malemu anatsegula botololo n'kuponyamo kachidutswa ka galasi. Pakati pa mizere ija panatumphuka mzere wina umene poyamba panalibe. Katswiriyo anachedwa ku ntchito yake yotsatira tsiku limenelo, chifukwa malemu anamuchititsa zimenezi mobwerezabwereza mpaka timafuta take tinatha.

Mu 1994 anapeza mwayi wokachita maphunziro a zimenezi kudziko lakutali, kwa zaka zitatu. Ana anali aang'ono, ndipo alamu nthawi zambiri ankakhala ali pa msewu ndi lole. Amene anavomera kusenza mtolowo anali amayi aang'ono. Anasamukira m'nyumba ya malemu ndi mwana wawo, n'kukhala mayi wa ana anayi. Masana ankakhala pa nyali, akaweruka n'kumaphika, kuchapa ndi kuona ngati ntchito za kusukulu zalembedwa. Mnyamata wamng'ono atathyoka mkono ndi iwo anagonera naye kuchipatala. Mwana wamkazi atakula n'kufuna munthu womuuza za ukulu, ndi iwo anamuuza. Pa nthawi yomweyo panali bambo wina, kalipentala, amene ankafuna kuwakwatira n'kusamuka nawo kupita ku mzinda wina. Amayi aang'ono anamupempha kuti adikire mpaka akulu awo abwere. Sanadikire.

Malemu anabwerera mu Julayi 1997, ndipo amayi aang'ono anakapeza kanyumba ka lendi mu msewu womwewo. Zaka zinayi zotsatira malemu anazithera pa ntchito imodzi, yopanga makina oti aziima m'mbali mwa lamba n'kumamvera botolo lililonse likamadutsa. Ankagwira ndi mainjiniya awiri a pa fakitalepo. Vuto loyamba linali lakuti kaphokoso kaja sikadutsa bwino mumpweya, ndipo sizikanatheka kupaka timafuta pa botolo lililonse. Anapeza njira yoti kamtsinje kakang'ono ka madzi kazithira m'mbali mwa botolo, kaphokoso n'kumayenda m'madziwo. Zotsatira zake, pamalo pamene ankagwirira ntchito pankangokhala chithaphwi, iwo n'kumayenda ndi majombo kuyambira m'mawa, ndipo dzina lakuti a Majombo linachokera pamenepo. Ambiri mwa inu a ku fakitale mumawadziwa ndi dzina limenelo.

Mavuto ena anatsatira. Chakumwa chikatentha pang'ono, kaphokoso kankathamanga kwambiri, makina n'kumaganiza kuti shuga wachuluka. Thovu likachuluka, kaphokoso kankasowa. Mabotolo akale ndi atsopano ankasiyana kuchindikala. Makina oyambirira anali ndi kamkono kokankhira pambali botolo lokayikitsa, ndipo kamkonoko kankakankha pafupifupi botolo lililonse. Antchito anawapatsa makinawo dzina lakuti Apongozi, chifukwa palibe chimene chinkawasangalatsa. Malemu atamva dzinalo anaseka, ndipo nawonso anayamba kulitchula. Alamu amakumbukira kuti pa zaka zimenezo akafunsa kuti kuntchito kwayenda bwanji, yankho linkakhala lakuti, "Apongozi lero akana onse," kapena, "Apongozi lero alolako theka."

Pofika mu 2001 makinawo anakhazikika. Ankapeza kachidutswa ka galasi kochepa ngati njere ya mpunga m'juwisi wosaonekera mkati. Ankadziwa ngati botolo silinadzaze. Ankadziwa ngati shuga wachepa kapena wapyola, pakuti kaphokoso kamayenda msanga m'chakumwa chotsekemera kwambiri. Kunyumba yosungira katundu, makina ena aang'ono a m'manja ankatha kusonyeza botolo limene layamba kusasa lisanatsegulidwe. Kwa nthawi yoyamba pa fakitale ija, botolo limene munthu ankamwa linali litayezedwa.

Akuluakulu a kampani ataona izi anagamula kuti nyali zichotsedwe. Malemu analipo pa msonkhano umene anagamula zimenezi. Anamenyera nkhondo amayi a pa nyali kuti asachotsedwe ntchito koma asamutsidwire ku gawo lomata mapepala pa mabotolo ndi kuona madeti, ndipo akuluakulu anavomera, bola aliyense ayambe wayezedwa maso. Ambiri anakhoza. Amayi aang'ono sanakhoze. Zaka khumi ndi zisanu zoyang'anizana ndi nyali, makamaka itawonjezedwa mphamvu ija, zinali zitawononga maso awo, ndipo iwo ankabisa. Zotsatira za kuyezako zinafika kaye kwa malemu. Anauza alamu kuti akawauza okha ang'ono awo madzulo. Madzulo atafika anati mawa. Mawa lake anapita kukachonderanso kwa akuluakulu, n'kukanidwa, ndipo anati akawauza Loweruka. Loweruka lisanafike, kapitawo wa pa lamba anawauza amayi aang'ono m'mawa poyamba ntchito, anzawo onse akumva, iwo atavala kale epuloni.

Amayi aang'ono anakwera masitepe a ku labotale osavula epuloniyo. Zimene zinanenedwa m'kachipinda ka magalasi kaja tinazimva kwa onse awiri, aliyense payekha, ndipo sizinasiyane. Amayi aang'ono anafunsa kuti, "Mumadziwa?" Malemu anati, "Ndimadziwa." Amayi aang'ono anati, "Ndinakulererani ana zaka zitatu kuti mukaphunzire zodzandichotsera ntchito, ndiye mwalephera ngakhale kuwoloka msewu kudzandiuza?" Malemu anati, "Makinawa saphonya galasi." Zinali zoona, koma silinali yankho la funso limene anafunsidwa. Amayi aang'ono anavula epuloni, anaipinda bwinobwino, anaiika pa tebulo la malemu pakati pa mabotolo, n'kutsika.

Kuyambira mu Juni 2001 alongo anga awiriwa sanalankhulane. Sanakangane, sanatukwanizane, ndipo palibe amene ananenera mnzake zoipa kwa ana. Ankakhala mu msewu umodzi. Amayi aang'ono anayamba kugulitsa ndiwo zamasamba pamsika, ndipo malemu anayamba kukagula ndiwo ku msika wina wakutali. Thandizo limene malemu ankatumiza kudzera mwa ine linkabwezedwa kudzeranso mwa ine, moti ndinasanduka positi ofesi yonyamula katundu mmodzimodzi uku ndi uku, mpaka ndinakana. Ana ankadya nyumba zonse ziwiri ndipo anaphunzira kusatchula za uko akakhala kuno. Mwana wamkazi wa malemu anakhala kumbali ya amayi aang'ono kwa nthawi yaitali, ndipo sanabise. Mayi athu atamwalira mu 2008, awiriwa anakhala m'chipinda chimodzi, wina uku wina uko, ndipo chilichonse chofunika kunena ankanena kwa ine. Tinayesa kuwayanjanitsa, abale ndi anansi omwe. Malemu ankati, "Akandiitana ndipita." Amayi aang'ono ankati, "Njira akuidziwa."

Kuntchito zinthu zinkapitirira. Mu Novembala 2005, nyengo yotentha imene zakumwa zimafunidwa kwambiri, makina anayamba kukankha mabotolo ambiri motsatizana. Malole anali atandandalika panja kudikira katundu. Bwana wa fakitale anakwera ku labotale n'kulamula kuti makinawo azimitsidwe kaye, ati ayambiranso matenda awo akale. Malemu anamupatsa cholembera n'kumuuza kuti, "Zimitsani, koma musayine ndinu." Bwanayo sanasayine. Malemu anatsegula mabotolo okanidwawo n'kusefa juwisi pa nsalu yoyera, ndipo pa nsalupo panatsala timagalasi tonyezimira. Koma sindinganene kuti makinawo sankalakwa. Mu 2009 anakana katundu wa theka la tsiku popanda vuto lenileni, chifukwa makina oziziritsira anali atawonongeka ndipo palibe anazindikira msanga. Malemu anali atalamula kale kuti katunduyo atayidwe, ndipo analandira chenjezo. Sanadandaule nalo.

Pa zaka zotsatira anaphunzitsa achinyamata ambiri ntchito imeneyi, ndipo ankaitanidwa ndi mafakitale ena, a mkaka ndi a madzi akumwa, kukawathandiza kuika makina otere. Ophunzira awo amanena kuti anali aphunzitsi ovuta, osafulumira kuyamikira. Mmodzi wa iwo, amene lero ndi mkulu wa labotale ija, watiuza kuti mawu okoma kwambiri amene anamvapo kwa iwo anali akuti, "Apa palibe choti ndikonze." Anapuma pa ntchito pa 31 Okutobala 2019, atagwira zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Pa mwambo wotsanzikana nawo anapemphedwa kuti alankhule. Anathokoza mainjiniya awiri aja, anathokoza katswiri wa boyila amene sanadzamuonenso, kenako anathokoza amayi a pa nyali, kuwatchula mayina mmodzimmodzi. Atafika pa dzina la ang'ono awo anaima, namwa madzi, n'kukhala pansi.

Atapuma ankalima maluwa kuseri kwa nyumba ndi kulera zidzukulu zikabwera pa tchuthi. Anayamba kudandaula za kutopa ndi kusowa chilakolako cha chakudya kumayambiriro kwa 2024. Mu Meyi mimba inayamba kutupa, ndipo mwana wawo wamkazi anapita nawo kuchipatala kukaunikidwa. Wounikayo anawapaka timafuta toterera pamimba n'kuyamba kuyendetsa kachitsulo kake. Malemu anamupempha kuti atembenuzire sikirini kwa iwo. Iye anazengereza, nati dokotala ndi amene adzafotokoze. Malemu anati, "Mwanawe, za chiwindi sindizidziwa, koma madzi ndimawadziwa. Tembenuza." Atayang'ana kanthawi analoza ndi chala n'kunena kuti, "Awa ndi madzi, ndipo sayenera kukhala apa. Ichi ndi cholimba, ndipo sichiyeneranso kukhala apa." Wounikayo sanatsutse. Madokotala anadzatsimikiza kuti inali khansa ya m'chiwindi, ndipo inali itafalikira. Analandira mankhwala kwa miyezi ingapo. Mu Sepitembala anapempha okha kuti asiye mankhwalawo ndipo abwerere kunyumba.

Kunyumbako kunali kovuta. Alamu miyendo inawavuta kalekale, sakanatha kunyamula wodwala. Anyamata awiri amagwira ntchito kutali. Mwana wamkazi ankabwera m'mawa ndi madzulo, koma masana ankayenera kukhala kuntchito. Tinali tikukambirana zopeza munthu wowasamalira. Tsiku lina m'mawa kunamveka kugogoda. Alamu atatsegula anapeza amayi aang'ono ataima pakhomo, ndodo yawo yoyera ili m'dzanja limodzi, kachikwama ka zovala m'dzanja lina. Maso awo pa nthawiyi anali atatsala pang'ono kutheratu. Palibe amene anawaitana. Anati, "Alamu, ndamva kuti m'nyumba muno mulibe wodziwa kutembenuza wodwala." Sanadikire kulozeredwa njira. Anapapasa khoma, n'kuyenda molunjika mpaka kuchipinda, pakuti nyumbayo anakhalamo zaka zitatu. Malemu atawaona anayesa kudzuka. Amayi aang'ono anati, "Gonani. Bedi ili layalidwa ndi ndani? Nsalu yapindika pamsana." Amenewo ndiwo anali mawu oyamba pakati pawo patapita zaka makumi awiri ndi zitatu.

Anakhala nawo kuyambira tsiku limenelo mpaka pa mapeto. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi supuni, zonse mopapasa. Mabotolo a mankhwala sankatha kuwawerenga, ndiye ankawaonetsa kwa malemu, malemu n'kuwerenga, iwo n'kuthira. Ankakangana tsiku ndi tsiku, za mchere, za windo kuti litsekedwe kapena ayi, za mwana wa ndani amene anali wamwano kwambiri ali wamng'ono. Alamu akuti nyumba imene inakhala zii kwa zaka zambiri inayamba kusokosa moti iwo ankakweza wayilesi. Za fakitale sitinkawamva akuzitchula, ndipo ife sitinkafunsa.

Ndinazimva kamodzi kokha. Linali tsiku lina masana mu Januwale chaka chino. Ndinali pabalaza, chitseko cha kuchipinda chili chotsegula, amayi aang'ono akuwapukuta akulu awo ndi kansalu konyowa. Mawu a malemu anali atachepa mphamvu, koma ankamveka. Anati, "Iwe, zaka zija zikanati zibwerere, makina aja ndikanawaikabe." Amayi aang'ono anati, "Ndikudziwa." Anaviikanso kansalu kaja m'beseni. Kenako malemu anati, "Koma ndikanawoloka msewu kudzakuuza ndekha." Amayi aang'ono anafinya kansalu kaja, n'kunena kuti, "Ndi zokhazo ndinkadikira. Kwezani mkono ndipukute kunsiku." Ndinatuluka panja kuti ndiwasiye okha.

Malemu anatisiya Lolemba pa 3 Febuluwale 2025, m'mawa, kunyumba kwawo, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu. M'chipindamo munali alamu, mwana wawo wamkazi ndi amayi aang'ono. Amene anayamba kuzindikira anali amayi aang'ono, pakuti dzanja lawo linali pachifuwa cha akulu awo.

Asiya amuna awo, amene anakhala nawo m'banja zaka makumi anayi. Asiya ana atatu, wamkazi mmodzi ndi aamuna awiri, pamodzi ndi apongozi awo okwatirana ndi anawo, amene tikutsimikiza kuti ankasangalala nawo. Asiya zidzukulu zisanu ndi chimodzi. Asiya ang'ono awo, mwana wa ang'ono awo amene anakula limodzi ndi ana awo, ndi ine mlongo wawo.

M'malo mwa banja ndithokoze madokotala ndi anamwino amene anawathandiza, makamaka namwino amene ankabwera kunyumba kudzawachepetsera ululu. Ndithokoze anansi a mu msewu wathu, amene mwakhala mukutunga madzi, kuphika ndi kulandira alendo kuyambira Lolemba. Ndithokoze anzawo a ku fakitale, akale ndi atsopano, amene mwabwera ambiri chonchi, pamodzi ndi oyendetsa malole anzawo a alamu amene atithandiza pa mayendedwe. Ndithokoze nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe.

Patsala munthu mmodzi. Dzulo pamene ndinkakonza mawu amenewa, amayi aang'ono anandiitana n'kundiuza kuti ndisayerekeze kuwathokoza pagulu, chifukwa munthu sathokozedwa posamalira mkulu wake. Ine ndine wamng'ono kwa iwo, ndiye ndamvera. Sindinawathokoze. Ndangonena zimene anachita.

Alongo athu, ntchito mwaigwira, ulendo mwaumaliza. Gonani, ndipo mzimu wanu upumule mumtendere.